Mlandu wa Mphaka

M'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Dedza mudali amayi awiri okalamba amene nyumba zawo zidayang'anizana makomo. Onse awiri adali amasiye, ndipo onse awiri ankalera adzukulu. Kwa zaka zoposa 40 amayiwa ankapalana moto, kubwerekana mtondo ndi kugawana mchere popanda kuwerengerana. Wina adali ndi mphaka wamawangamawanga, winayo ankaweta nkhuku. Pofuna kuwasiyanitsa, ana a m'mudzimo ankati awa ndi agogo a mphaka, awo ndi agogo a nkhuku, ndipo eni akewo sankadandaula nawo mayinawo.

Chaka china, anthu atangotha kukolola, thadzi la agogo a nkhuku lidaswa anapiye 11. Agogowo adali ataikonzera kale ntchito ndalama ya nkhukuzo. Ankati zikakula adzazigulitsa pa Khirisimasi, nthawi imene nkhuku imakwera mtengo, ndipo adzagulira mdzukulu wawo wa kusekondale yunifolomu, nsapato ndi makope. Koma pasanathe sabata anapiye adatsala 10, kenaka 9. Poyamba agogowo ankaganizira kabawi, mpaka m'mawa wina pamene adaona ndi maso awo mphaka wa anzawo akulumpha mpanda, mwanapiye ali kukamwa.

"Odi kuno anzanga!" adatero agogo a nkhuku ataima pakhomo, osalandira n'komwe mphasa imene adawayalira. "Ndabwera ndi dandaulo. Mphaka wanu wandithera anapiye. Atatu apita, ndipo wa lero ndadzionera ndekha. Mutsekereni m'nyumba."

"Pepani anzanga, zandimvetsa chisoni," adayankha agogo a mphaka. "Koma mphaka si mbuzi yoti munthu n'kuimanga chingwe. Chibadwire changa sindidaonepo munthu akutsekera mphaka. Nanga makoswe a m'khitchini mwanu amakupherani ndani?"

Mawu adabala mawu anzake, ndipo kuyambira tsiku limenelo moto sudapalidwenso pakati pa makomo awiriwo.

Zonena za agogo a mphaka zidali ndi maziko ake. Mphaka adadza yekha kwa munthu. Akatswiri a mbiri ya nyama amati kholo lake ndi vumbwe, mphaka wakutchire amene amapezeka m'madera ambiri a Africa ndi ku Middle East. Anthu atayamba kulima ndi kusunga tirigu, makoswe adatsata chakudyacho, ndipo avumbwe adatsata makoswewo. Mlimi adaona kuti mlendoyu ngwaphindu, motero sadamuthamangitse. Pa chilumba cha Cyprus padapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 m'mene munthu adaikidwa moyandikana ndi mphaka, umboni wakuti ubale umenewu ngwakalekale. Pa zaka zonsezo ng'ombe idamangiridwa khola, mbuzi idadziwa chingwe, koma mphaka adasiyidwa kuti azilowa ndi kutuluka monga afunira, chifukwa ntchito yake inkafuna zimenezo.

Ntchitoyo si yochepa. Mlimi akakolola, nkhondo yake ndi chilala ndi mbozi imakhala yatha, koma ya nankafumbwe ndi khoswe imakhala ikungoyamba. Khoswe amadya chimanga, ndipo chimene sadadye amachiipitsa ndi mkodzo ndi zitosi. Amaboola matumba, amatha mtedza wa mbewu, amang'amba zovala za m'sutikesi, ndipo usiku amathanso kuluma zala za munthu ali m'tulo. Misampha imagwira mmodzimmodzi. Mankhwala a makoswe amafuna ndalama, komanso ngoopsa pakhomo pamene pali ana ndi nkhuku. Mphaka yekha ndiye mlonda amene salipidwa pakutha pa mwezi.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu a kumudzi satsekerera mphaka. M'makomo ambiri mphaka amapatsidwa mkute ndi minga ya nsomba basi. Koma thupi lake lidalengedwera nyama: mano ake ngong'ambira, matumbo ake ngaafupi, ndipo zina zofunika m'thupi mwake amazipeza m'nyama mokha. Mphaka wodya nsima yokhayokha amaonda, ubweya umayoyoka, ndipo amadwaladwala. Tsono akamazungulira m'matchire ndiye kuti akudzifunira ndiwo zimene mbuye wake sadampatse. Kumutsekera popanda kumudyetsa kungakhale kumupha pang'onopang'ono.

Komabe agogo a nkhuku nawo sadanene zopanda nzeru. Mphaka sadziwa malire a munda kapena a bwalo. Mpanda umene umaletsa mbuzi ndi galu kwa iye ndi makwerero. Sadziwanso kusiyanitsa chimene mbuye wake amadana nacho ndi chimene mnansi amadalira. Chilichonse chaching'ono chimene chikuyenda amachinyang'amira: khoswe, mwanapiye, mwana wa nkhunda, buluzi, nanzikambe, ngakhale timba amene akuphunzira kuuluka. Ndipo sasaka chifukwa cha njala yokha. Mphaka wokhuta amathanso kupha kanyama, n'kuseweretsa mtembo wake, n'kuusiya pakhomo osaudya.

Mkangano wa amayi awiriwa udali wa m'mudzi, koma nkhani yake yazunguza mitu m'maiko ambiri. Ku United States, kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2013 adayerekeza kuti amphaka amapha mbalame pakati pa 1.3 biliyoni ndi 4 biliyoni chaka chilichonse, ndipo zambiri mwa izo zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Koma chitsanzo chimene chimafanana kwambiri ndi mlandu wa ku Dedza chidachitika pa chilumba cha Marion, chimene chili m'manja mwa dziko la South Africa, kutali pakati pa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town.

M'chaka cha 1949 anthu oyeza za nyengo pa chilumbacho adatengerako amphaka asanu kuti awaphere timakoswe timene tinkawavutitsa m'nyumba. Amphakawo adaswana n'kulowa m'tchire. Pofika 1977 adalipo pafupifupi 3,400. Tsono pa chilumbacho pali mbalame za m'nyanja zimene zimaikira mazira m'mauna, ndipo amphaka adaona kuti mbalamezo n'zosavuta kugwira kuposa timakoswe. Ofufuza adayerekeza kuti ankapha mbalame zoposa 400,000 pa chaka. Boma lidalimbana nawo kwa zaka zambiri, pogwiritsa ntchito matenda a amphaka, mfuti, misampha ndi poizoni, mpaka omaliza adatha mu 1991. Anthu adayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma amphaka atachoka, ndiponso nyengo ya pachilumbapo itayamba kufundirapo, timakoswe tija tidachuluka kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 2000 ofufuza adayamba kupeza ana a mbalame zikuluzikulu za m'nyanja ali ndi zilonda zochita kudyedwa amoyo ndi timakosweto. Mphaka womasuka adaononga, ndipo kuchoka kwake sikudathetse mavuto onse. Akadaimva nkhaniyi, agogo onse awiri akadapezamo chowaikira kumbuyo.

Munthu angatsutse kuti Malawi si chilumba, ndipo angakhale akunena zoona. Mbalame za ku Marion zidali zisanaonepo nyama yolusa ya miyendo inayi, pamene pumbwa, njiwa ndi mpheta za kuno zakhala zikuzemba vumbwe, likongwe ndi njoka kuyambira kalekale. Komabe pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira. Avumbwe amakhala patalipatali, ndipo nyama zikachepa m'tchire iwonso amachepa. Amphaka a pakhomo sachepa chotero, chifukwa mkute wa munthu umawapulumutsa m'nyengo ya njala. Motero mudzi umodzi ungathe kukhala ndi alenje ambiri kuposa amene tchire lozungulira mudziwo lingawapirire. Mphaka wamkazi amatenga bere kwa masabata pafupifupi 9, amatha kuswa kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo ana ake amayamba kuswa asanakwanitse n'komwe chaka. Ana amene asowa wowatenga amatayidwa kudambo kapena kumsika, ndipo opulumuka ndiwo amasanduka amphaka opanda mwini.

Kuyendayenda kumaikanso pangozi mphaka mwini wake. Agalu amamuthamangitsa, galimoto zimamugunda, ndipo akadya khoswe amene wadya mankhwala nayenso amatha kufa. M'madera ambiri mudakali anthu okhulupirira kuti mphaka wolira usiku pakhomo pa eni watumidwa ndi mfiti. Chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi amphaka osalakwa aponyedwa miyala, ndipo choipa koposa n'chakuti mwini mphakayo, makamaka akakhala mayi wokalamba, amayamba kulozedwa chala. Agogo a mphaka ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo mkangano wawo utamveka m'mudzi ankagona ndi nkhawa.

Ngozi yaikulu pa zonse ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. N'chifukwa chake m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre, madokotala atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. Koma mphaka nayenso amadwala chiwewe akalumidwa ndi nyama yodwala, ndipo amene wachezera kunja usiku wonse palibe adziwa chimene wakumana nacho. M'mawa mphaka yemweyo amadzagona pamiyendo pa mwana. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yokayikitsa ayenera kutsuka chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mankhwala sathandizanso.

Maiko ena adaikapo malamulo pa nkhaniyi. Mu mzinda wa Canberra ku Australia, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 saloledwa kutuluka pa malo a mbuye wake. Ku England mphaka amayendabe momasuka, koma kuyambira pa 10 Juni 2024 lamulo limafuna kuti aikidwe kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu kosonyeza mwini wake. Ku Germany, m'chaka cha 2022, akuluakulu adalamula anthu a m'dera lina la tauni ya Walldorf kuti atsekere amphaka awo mpaka kumapeto kwa Ogasiti, pofuna kuteteza mbalame ina yosowa imene imaswera pansi m'miyezi imeneyo. Malamulo atatuwa ngosiyana, koma onse akuvomerezana pa mfundo imodzi, yakuti mphaka ali ndi mwini, ndipo mwiniyo ndiye ayankhe pa zochita za chiweto chake.

Anyakwawa a m'mudzi uja adali asanamvepo za Canberra kapena Walldorf. Mlanduwo utafika kwa iwo, adaitana amayi awiriwo pansi pa mtengo wa mango, popanda khamu la anthu, chifukwa sadafune kuwachititsa manyazi. Adamvetsera mbali zonse mofatsa, kenaka adafunsa funso limene poyamba lidaoneka ngati lasochera.

"Amayi, mbuzi za m'mudzi muno zili kuti lero?"

"Zili m'minda, wawa, zikudya mapesi," adayankha agogo a mphaka.

"Nanga mwezi wa Januwale zimakhala kuti?"

"Zimakhala pa chingwe."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mmera umakhala uli wanthete."

"Mwadziweruza nokha amayi," adatero anyakwawa. "Palibe amene amati mbuzi imangidwe chaka chonse, ndipo palibe amene amati itayiriridwe chaka chonse. Timayang'ana chimene chili panja. Anapiye a anzanuwa ndiwo mmera wawo. Ndipo mbuzi ikadya chimanga cha eni sitiitana mbuziyo kubwalo, timaitana mwini wake. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu."

Chigamulo chidali chakuti agogo a mphaka apereke msoti umodzi m'malo mwa anapiye atatu aja, ndipo atsekere mphaka wawo kwa masabata 6, kufikira anapiye otsalawo atamera nthenga. Agogo a nkhuku nawo sadachoke opanda chowauza. Anyakwawa adawakumbutsa kuti akabawi, akhwangwala ndi alikongwe alibe mbuye woti n'kumusumira, motero anapiye aang'ono ayenera kuvundikiridwa ndi dengu kapena kumangiridwa kampanda, osati kungowasiya azitsata thadzi m'tchire.

Agogo a mphaka adabwerera kwawo akung'ung'udza, koma adamvera. Msoti adachita kugula, pogulitsa ndowa ya mtedza. Vuto lidali lakuti mphakayo amutsekere kuti. Apa m'pamene adazindikira chinthu chimene chidali pamaso pawo zaka zonsezi. Nkhokwe yawo idali itagwa kalekale. Monga achitira anthu ambiri masiku ano poopa akuba ndi anankafumbwe, iwo ankatonola chimanga chawo, kuchithira mankhwala ndi kuchisunga m'matumba m'chipinda. Chimanga chidali chitalowa m'nyumba, makoswe adali atachitsatira momwemo, koma mlonda adali akulonderabe panja. Atasuntha matumba kuti akonze malo a mphaka, adapeza awiri ataboledwa kunsi ndipo pansi pali deya ndi zitosi. Mphaka wawo ankachezera kusaka m'makomo mwa eni pamene chakudya cha mbuye wake chinkadyedwa.

Adatseka ndi njerwa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, adaika beseni lakale la mchenga pakona, ndipo adayamba kusungira mphakayo mitu ya usipa ndi matumbo a nsomba. Mausiku anayi oyamba mphaka adalira ndi kukanda chitseko kotero kuti m'nyumbamo simudagonedwe. Usiku wachisanu adakhala chete, ndipo m'mawa mwake adapezeka atagona pamwamba pa thumba, mchira wa khoswe uli pambali pake. Mdzukulu wamng'ono wa agogowo adapeza masewera atsopano: ankamanga nthenga ku ulusi n'kumaikoka pansi, mphaka n'kumaimbwandira. Mosadziwa, banjali linkachita zimene ofufuza a pa yunivesite ya Exeter ku England adapeza m'chaka cha 2021, kuti mphaka wopatsidwa chakudya cha nyama yambiri amachepetsa nyama zimene amabwera nazo kunyumba ndi magawo 36 pa 100 alionse, ndipo wosewera ndi mbuye wake kwa mphindi 5 mpaka 10 pa tsiku amachepetsa ndi magawo 25. Alangizi a ziweto atabwera kudzatemera agalu, agogowo adanyamula mphaka wawo m'dengu n'kukaima nawo pa mzere. Anthu adaseka, koma katemerayo adabayidwa.

Nkhani imeneyi ikusonyeza kuti funso lakuti mphaka aziyenda panja kapena ayi lilibe yankho limodzi lokwanira malo onse. Mphaka wa ku Ndirande kapena ku Kawale, kumene nyumba n'zothinana, msewu uli pafupi ndipo anansi akuweta nkhunda ndi zinziri, sangapatsidwe ufulu wofanana ndi wa mphaka wa pa famu ya patali. Mphaka wokhala m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa ngati ya Dzalanyama kapena ya phiri la Mulanje ali pafupi ndi mbalame ndi tinyama timene tchire silingabwezere msanga tikatha. Amene ali ndi mpanda ndi ndalama angathe kutchinga khonde ndi waya kuti mphaka aziothera dzuwa osatuluka. Amene ali pafupi ndi dokotala wa ziweto, kapena ndi bungwe losamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe, angathe kufulitsa mphaka wake, pakuti mphaka wofulidwa sayenda mtunda wautali, samenyana kawirikawiri ndipo sachulukitsa ana osowa mwini. Amene alibe zonsezi ali nacho chitseko, ndipo angathe kudziwa nyengo yochitsekera.

Chovuta n'chakuti anthu ambiri amafuna phindu la mphaka popanda udindo wake. Akapha khoswe amati mphaka wanga, akapha mwanapiye amati ndi chilengedwe chake. Koma amene walira mvula walira matope. Woweta mphaka asanatsegule chitseko ayenera kudzifunsa ngati wamudyetsa, ngati wamutemeretsa, ndiponso ngati panjapo pali kanthu ka mnansi kamene kangaonongeke. Akatsegula, akhale wokonzeka kulipira.

Pa sabata lachinayi la chigamulo chija, madzulo ena agogo a mphaka adamva odi pakhomo. Adali agogo a nkhuku, atanyamula phale lopalira moto m'dzanja limodzi ndi kapepala ka mitu ya usipa m'dzanja linalo. Ulendo uno mphasa adailandira. Adacheza za chisanu cha chaka chimenecho, za mtengo wa feteleza ndi za maliro a kutsidya, ndipo anapiye sadatchulidwe kupatula kunena kuti 8 otsalawo ayamba kumera nthenga. Atapala moto wawo n'kuimirira kuti azipita, alendowo adazengereza pang'ono pakhomo.

"Anzanga," adatero motsitsa mawu, "makoswe andithera mtedza m'khitchini. Kodi mnyamata wanuyu atuluka liti?"

"Kwatsala masabata awiri," adayankha agogo a mphaka. "Anyakwawa adati 6, ndipo ine msoti wina ndilibe."